Chitsime cha Mkamwini Msokera

Anthu amene lero amadziwika kuti a kwa Nabengo, omwe adamwazikana m'midzi ya kuseri kwa phiri la Mtsukwa, sadayambire kumene akukhalako tsopano. Akuluakulu awo amasimba kuti makolo awo adachokera kumpoto chakuzambwe, masiku amene dziko lidali lisanalembedwe malire, ndipo adayenda zaka zambiri, akumalima pano chaka chimodzi, apo zaka ziwiri, kufikira adatulukira pa mtsinje wa Msambanyani umene umatsika kuchokera m'phirimo. Tsinde la mbumba yonseyo lidali mayi wotchedwa Nabengo, amene ataona madzi a mtsinjewo adatula mtsuko wake nakana kupitirira. Nabengo adabala ana aakazi awiri, Sumbwi ndi Kalinde. Kwa Sumbwi kudachokera bere lalikulu, kwa Kalinde bere laling'ono. Sumbwi adabala Mwadaine, ndipo Mwadaine adabala ana asanu, koma amene adakula adali awiri okha: Chimkwende, wamwamuna, ndi mlongo wake Nangondo. Mbiri ino idachitika m'masiku a awiriwa, ngakhale mwini wake weniweni simungamupeze pa mndandanda wa mibadwowu, pakuti adali mkamwini, ndipo akuluakulu akamawerenga makolo, akamwini amawadumpha.

Dzina lake lidali Msokera, chiwongo chake Mbewe. Kwawo kudali kutali kumwera, ulendo wa masiku asanu ndi atatu, dziko la miyala ndi milambe kumene mitsinje imayenda miyezi itatu yokha pa chaka. Adafika ku Msambanyani pamodzi ndi anthu osinthanitsa mchere ndi makasu, anzake nabwerera, iye natsala chifukwa cha Nangondo. Adamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, nalima munda wawo monga mkamwini aliyense, osadandaula, pakuti adali munthu wa mawu ochepa. Koma adabwera ndi luso limene anthu a ku Msambanyani adali asanalionepo. Kwawoko anthu ankakumba zitsime za chilala, ndiye kuti zitsime zakuya zimene zimakumbidwa m'zaka za mvula, nkuzitseka, kuti zidzatsegulidwe pokhapokha mitsinje ikauma. Msokera adaphunzira ntchitoyi kwa atsibweni ake, ndipo adawaposa, pakuti iye akagoneka khutu pansi ankamva madzi akuyenda m'kati mwa nthaka monga ife timvera mvula ikamabwera patali.

Mwini mbumba masiku amenewo adali Chimkwende, mlamu wake. Tisamunamizire munthuyu, sadali wankhanza ayi. Adali woseka ndi aliyense, wopatsa, wokonda mowa ndi nthabwala, munthu amene akakukaniza chinthu umachoka ukuseka, nkudzazindikira uli kunyumba kuti wakanizidwa. Chaka chachiwiri cha ukwati wake, Msokera adapita kwa iye kukapempha malo.

"Alamu, mtsinje uwu udzauma tsiku lina. Mundilole ndikumbe chitsime."

Chimkwende adaseka mpaka kugwira nthiti. "Msambanyani kuuma? Agogo athu adamwa pamenepa, amayi adamwa pamenepa. Koma ngati khasu likukuyabwani m'manja, alamu, kumbani, dziko ndi lalikulu. Bola musatikumbire pabwalo, tingathyoke miyendo pochokera ku mowa."

Msokera adayenda chilimwe chonse akuyang'ana, mpaka adapeza chulu chimene chiswe chake chinkamata dothi lonyowa ngakhale pa nthawi imene nthaka yonse idali gwaa. Pafupi pake padali mtengo wa mkuyu wosagwetsa masamba. Adagoneka khutu, namva, nayamba kukumba. Apa mpamene adakumana ndi mwambo wa eni dziko. Kwa Nabengo dzenje lililonse lopitirira msinkhu wa munthu linkayesedwa manda, ndipo manda sakumba eni maliro koma adzukulu, anthu a kunja kwa mbumba. Mwana wa mbumba kulowa m'dzenje lotere ali moyo kudali kudziitanira imfa. Motero palibe ndi mmodzi yemwe amene adatsika kukamuthandiza. Mkamwini yekha ndiye adaloledwa, popeza mkamwini ndi wakunja, ndipo zimene zingamugwere ndi za kwawo.

Adakumba zilimwe zitatu, atatha ntchito ya m'munda wa apongozi, ndi khasu lakutha ndi mtengo wosongola. Nangondo ndiye ankakoka dengu la dothi ndi chingwe cha luzi, ataima patali, osasuzumira. Amayi posinja ankamuika m'nyimbo kuti mwamuna wa Nangondo watopa nafe, akudzikonzera pogona. Pa msinkhu wa anthu asanu ndi awiri adaswa mwala wofewa, madzi natuluka pa mng'alu, oyera ndi ozizira. Mng'alu umenewo iye ankautcha diso. Adayala miyala m'khoma monse kuyambira pansi, akusiya timapanga topondamo potsika ndi pokwera, kenaka adagoneka mitanda ya muwanga pamwamba, naikapo miyala yaphanthiphanthi ndi dothi. Apa anthu adaseka koposa kale, pakuti munthu wakumba zaka zitatu, wapeza madzi, ndipo wawatsekera. Iye adangoti, "Awa si madzi a lero. Pamene mtsinje ukuyenda, timwe mtsinje."

Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, Msokera ankatsegula chitsimecho kuti achotse matope otseka diso. Ankapita yekha, pakuti a mbumba sankayandikira dzenjelo popanda chifukwa likakhala lotsegula. Asanatsike ankayatsa muuni wa udzu, naumangirira ku chingwe, nautsitsa pang'onopang'ono. Chitsime chikakhala chotseka nthawi yaitali chimasunga mpweya woipa pansi pake, wosaoneka, wosanunkha, umene umagwetsa munthu asanafuule nkomwe, ndipo moto ukaupeza umazima. Muuni ukazima, Msokera ankamanga nthambi zamasamba ku chingwe nkumazitsitsa ndi kuzikweza, kukupiza mpweyawo mpaka moto uyake pansi penipeni, ndipo pamenepo mpamene ankatsika. Anthu ankaona utsi ali patali, nkumauzana kuti mkamwini akuthira nsembe kwa mizimu ya kwawo. Palibe adamufunsa, ndipo iye sadafotokozere munthu.

Chilala choyamba chidadza mwana wawo Dzonzi akadali kumsana. Mvula idagwa kawiri nileka, mbewu zidapsa zitangofika m'maondo, ndipo pofika pakati pa chilimwe Msambanyani adasanduka njira ya mchenga. Amayi adafukula mumchengamo mpaka m'chiuno, osapeza ngakhale chinyontho. Pamenepo Msokera adachotsa miyala ija. Midzi isanu ndi umodzi idamwa pa chitsime chimodzicho miyezi isanu, nyumba iliyonse mitsuko iwiri pa tsiku, Msokera yekha ndiye ali pakamwa pa chitsime kutunga ndi kuthira, ndipo madzi amene ankatungidwa masana ankapezeka atabwerera pamalo pake m'mawa. Njala idapha anthu chaka chimenecho, koma ludzu silidaphe munthu wa kwa Nabengo ndi mmodzi yemwe. Mvula itabwerera anthu adafulula mowa wothokoza. Chimkwende adaimirira pamaso pa anthu nayamika mzimu wa Nabengo umene udabisira ana ake madzi pansi pa dziko lake, ndipo kuyambira tsiku limenelo chitsimecho chidatchedwa cha Nabengo. Msokera adapatsidwa chipanda chake kumbuyo, pamodzi ndi akamwini anzake. Adamwa, pakuti kukana kukadakhala mwano, koma zidamuwawa, ndipo kuwawako sikudachoke.

Zaka zidapita, mvula ikugwa bwino, anthu naiwala. Ana ena a Nangondo adamwalira ali aang'ono, natsala Dzonzi yekha, amene adakula nakhala mwamuna wa mphamvu, wofatsa ngati atate ake. Popeza adali mwana wa mlongo wake wa Chimkwende, ndiye amene ankayembekezeka kudzasunga mbumba m'malo mwa atsibweni ake, motero sadapite kuchikamwini, koma adatenga mkazi nabwera naye pamudzi. Msokera ankamukonda mwanayo ndi chikondi chimene mkamwini amayenera kuchibisa, pakuti mwana ndi wa atsibweni ake, ndipo bambo akaonetsa kwambiri amanenedwa kuti akufuna kuba mbumba ya eni. Maondo atayamba kumuvuta potsika, adapitanso kwa mlamu wake.

"Alamu, ine ndakula. Mundilole ndimuphunzitse Dzonzi za chitsime chija."

"Dzonzi m'dzenje? Alamu, mwalawa kale m'mawa uno? Ameneyo ndiye adzasunge anthuwa ine nditapita, ndiye mukufuna ayambe ndi iye kulowa pansi? Inu mudakali olimba. Tikhala tikuona."

Adamusisita paphewa, namupatsa fodya, nkhani nithera pomwepo. Msokera akadatha kumunong'oneza mwana wake za moto zija ali awiri kumunda, pakuti zimenezo sizidafune kulowa m'dzenje. Sadatero. Ankadziuza kuti ntchito imeneyi saphunzitsa ndi pakamwa, koma zoona zake nzakuti pamudzi ponsepo chinthu chimodzi chokha chimene chidali chake ndi chimenecho, ndipo adachikakamira.

Kenaka Nangondo adadwala chifuwa nyengo yachisanu namwalira. Chaka chitatha, atameta kachiwiri, lidafika tsiku la kusudzula, pamene abale a womwalira amamasula mwamuna wotsalayo kuti abwerere kwawo. Msokera adali atakhala ku Msambanyani zaka makumi atatu. Adapempha kuti amusiye m'kanyumba kake, pafupi ndi mwana wake, nati kwawoko amene ankamudziwa adatha kale. Chimkwende adakhetsa misozi yeniyeni pomuyankha. Adati mtima wake ukufuna, koma mwambo si wake yekha. Akasiya mkamwini mmodzi, mawa akamwini onse adzakana kuchoka, ndipo minda ya mbumba idzagwa m'manja mwa alendo. Adamuyamika pamaso pa anthu kuti adali mkamwini wabwino, wolima, wosamenya mkazi. Za chitsime sadatchule. Adamupatsa nkhuku ndi ufa wa panjira.

Dzonzi adaperekeza atate ake mpaka kutsidya kwa mtsinje, atawasenzera mtolo. Potsazikana adafunsa.

"Atate, nanga chitsime chija tidzatani nacho?"

"Chilala chikadza, mudzanditumire munthu."

"Palibe choti mundiuze ine?"

Mawu adali palilime. Kudali kungonena kuti usadzatsike moto usanatsike, ndipo mwanayo akadamva. Koma Msokera adaganiza kuti ndikamuuza, sadzakhalanso ndi chifukwa chondiitanira, ndipo ndidzafera kutali osamuonanso. Ndikapanda kumuuza, tsiku lina adzabwera okha, Chimkwende ali patsogolo, kudzandipepesa, ndipo ndidzabwerera kukakhala pafupi ndi mwana wanga. Padali chikondi pamenepo, padalinso mkwiyo, ndipo iye mwini sakadatha kuzilekanitsa.

"Palibe," adatero. "Mudzangonditumira munthu."

Kwawo adakakhala ngati mlendo pakhomo pa zidzukulu za mlongo wake, zimene zinkamupatsa chakudya mwaulemu koma osadziwa choti zicheze naye. Zaka zinayi mvula idagwa bwino. Nzochititsa manyazi kunena, koma akuluakulu sabisa: m'dziko lonselo Msokera yekha ndiye ankati akaona mitambo ikusonkhana, mtima nkumuwawa. Chaka chachisanu adalandira chimene ankafuna. Mvula idakana kuyambira kumwera mpaka kumpoto, ndipo chilala chimenecho chidaposa choyamba chija. Msokera adapota chingwe chatsopano, namanga mtolo wake, nakhala pansi pa mlambe wa kunjira akuyembekeza mthenga.

Mwezi udatha, wina nutha, osaoneka munthu. Iye sadadziwe kuti ku Msambanyani nkhani yomuitana idakambidwa katatu, ndipo katatu konse Chimkwende adaizembetsa ndi nthabwala. Kuitana munthu amene mudamusudzula, kuti adzakutsegulireni madzi, kudali kuvomera pamaso pa midzi yonse kuti madziwo sadali a Nabengo. Tsiku lina Msokera akuwerenga zaka ndi zala, adazindikira chimene adayenera kuchizindikira kale: chitsime chija chidali chitakhala chotseka zaka zisanu osapuma, ndipo ngati sakumuitana, ndiye kuti adzatsegula okha. Adanyamuka nthawi yomweyo, osatsazika, ndipo ulendo wa masiku asanu ndi atatu udamutengera khumi ndi awiri chifukwa cha maondo ndi ludzu.

Adafika m'mawa dzuwa litangotuluka, ndipo adamva kulira asanaone mudzi. Kulirako sikunkachokera kunyumba koma kumkuyu. Anthu adali ataima mozungulira patali, chitsime chili chotsegula, mkazi wa Dzonzi atadzigwetsa pafumbi. Chimene chidachitika dzulo lake ndi ichi. Chimkwende adathira ufa kwa Nabengo, poganiza kuti ngati mkamwini ankathira nsembe ya utsi kwa mizimu ya kwawo, eni dziko nsembe yawo ya ufa ikwanira. Atachotsa miyala adatsitsa chipanda, nichibwera ndi matope okhaokha, pakuti diso lidali litatsekeka. Padafunika munthu wotsika. Akamwini amene akadatumidwa adali atathawa kale chilala kubwerera kwawo. Dzonzi, amene mwana wake wakhanda adali atasiya ngakhale kulira chifukwa mabere a amake adauma, adati atsika ndiye. Atsibweni ake adamuletsa, namugwira mkono, koma iye adati, "Atate anga adatsika zaka makumi atatu." Adatsika ndi timapanga tija monga ankamvera kuti ndimo ankatsikira atate ake. Pomuitana koyamba adayankha, kachiwiri adayankhanso. Kachitatu anthu adangomva kuti dii, kenaka zii.

Anthu ataona Msokera akutulukira tsiku lotsatira lenilenilo, popanda womuitana, adayamba kung'ung'udza kuti wadziwa bwanji, ngati si iye adatemberera chitsimecho pochoka. Msokera adapempha moto, namanga muuni ku chingwe chake, nautsitsa onse akuona. Udayaka bwino mpaka msinkhu wachisanu, pamenepo nuzima ngati wauviika m'madzi.

"Chamupha ndi chimenechi," adatero. "Si mizimu ayi. Ndi mpweya."

Chimkwende adayang'ana muuni wozimawo nthawi yaitali. Adali atakalamba, ndipo nkhope yake yopanda kuseka idaoneka ya munthu wachilendo.

"Ndiye utsi uja udali umenewu?"

"Udali umenewu."

"Ndipo mwanayu simudamuuze."

"Mudandiletsa ndinu, alamu."

"Ndidakuletsani kumulowetsa m'dzenje. Pakamwa sindidakutsekeni."

Aliyense wa awiriwo adadziwa mbali yake.

Nkhalamba Msokera idathyola nthambi za mkuyu nikupiza yokha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, manja akutuluka magazi pachingwe, kufikira muuni udayaka pansi penipeni. Pamenepo idatsika. Zimene Msokera adalankhula kwa mwana wake pansipo palibe adazimva. Adamumanga chingwe m'khwapa, amuna nakoka ataima patali. Iye adatsalira kanthawi, napalasa matope padiso ndi manja, ndipo madzi adatuluka ndi mphamvu, namufika m'maondo asanayambe kukwera.

Atatuluka adawauza kuti madzi abwerera, atunge nkutaya katatu, ndipo mkucha angathe kumwa. Palibe adasuntha. Amayi aakulu a bere laling'ono adati dzenje limene mwana wa mbumba wagonamo mpaka kucha ndi manda, ndipo munthu samwa m'manda mwa mbale wake. Msokera adatunga chipanda namwa pamaso pawo, madzi akuyenderera m'ndevu, ana akuyang'ana ndi milomo yong'ambika. Adawapempha kawiri, katatu, kuti ngati salabadira za iye alabadire za khanda la Dzonzi. Sizidathandize. Anthu adagwirizana zoti chitsimecho chikwiriridwe, ndipo Chimkwende ndiye adaponya mwala woyamba, misozi ili m'maso, ena natsatira.

Padatsala za maliro. Adzukulu amene ankawaikira maliro adali a mudzi woyandikana, ndipo mudzi umenewo udali utasamuka kale. Chimkwende adapita pamene Msokera adakhala pafupi ndi mtembo, nanjuta, nalankhula motsitsa.

"A Mbewe, ife sitingakumbe, mukudziwa. Bambo nayenso sakumbira mwana wake, koma inu tidakusudzulani. Pamwambo simuli kanthu pano. Mungathe."

Msokera adapempha khasu. Anthu adali atafooka mwakuti sakadatha kunyamula maliro mpaka kumsitu wa manda, motero adakumba pomwepo, mapazi makumi awiri kuchokera pachitsime. Nthaka idali youma ngati mwala, ndipo adakumba masiku awiri, akumva kumbuyo kwake miyala ikugwera m'madzi, kenaka ikugwera pa miyala inzake. Adawongola makoma, nawayala miyala kuyambira pansi mpaka pamwamba, osafulumira, osasiya mpata, ndipo atatha adalandira yekha mtembo wa mwana wake naugoneka.

Atangoika malirowo, anthu a kwa Nabengo adanyamuka kukafuna madzi kuseri kwa Mtsukwa. Panjira padafa anthu ambiri, makamaka ana ndi okalamba, ndipo Chimkwende adali mmodzi wa iwo. Bere lalikulu lidathera pomwepo, kotero kuti onse amene lero amadzitcha a kwa Nabengo ndi zidzukulu za Kalinde. Khanda lija lidapulumuka, koma amake adapita nalo kwawo, pakuti lidali la mbumba ina, ndipo agogo ake sadalinyamuleko ndi kamodzi komwe. Msokera adakana kuchoka. Adamanga kamsasa pakati pa chitsime ndi manda nakhala pomwepo. Alenje amene adadutsa mvula itabwerera adapeza kamsasako katagwa, mwini wake osaoneka, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene mafupa ake ali.

Akuluakulu amene adasimba mbiriyi sagwirizana za amene adapha Dzonzi. Ena amati ndi Chimkwende ndi manyazi ake, ena amati ndi Msokera ndi kuumira kwake. A kwa Nabengo eni ake amakonda kunena kuti idali mizimu, ndipo nzosadabwitsa, pakuti mizimu siitanidwa pabwalo kudzayankha mlandu.

Amene angafune mboni apite ku Msambanyani, kumene tsopano kuli midzi ya anthu ena obwera pambuyo, ndipo akafunse za milu iwiri ya miyala. Mulu waukulu ndi chitsime chija. M'mwezi wa Okutobala, dziko lonse likafiira, udzu wozungulira muluwo umakhala biriwiri. Zaka zingapo zapitazo kudabwera akatswiri okumba mijigo ndi makina awo, nayeza, nanena kuti madzi ambiri ali pomwepo, koma anthu adakana, nati pamenepo ndi pamanda. Mjigo adakaukumba kumtunda, ndipo umauma chaka chilichonse dzuwa likafika pachimake, amayi nkumadutsa pa udzu wobiriwirawo ndi zidebe zopanda kanthu. Mulu waung'ono ndi manda a Dzonzi. Manda ena onse a masiku amenewo adatitimira kalekale, ena afisi adafukula, mwakuti ngakhale pamene adagona Nabengo mwini wake sipadziwika. Awa okha ali chikhalire, osatitimira, osagumuka, pakuti amene adawakumba ankaidziwa ntchito yake.